Kodi Anajambula John Chilembwe Ndani?

Anzanga, musanathamangire kukawerenga zotsatira za mpira zimene zamatidwa pambalipa, taimani kaye pang'ono. Ngati muli ndi K500 m'thumba itulutseni, ngati mulibe bwerekani kwa mnzanu, mubweza. Nkhope ili pamenepoyo palibe amene saidziwa. Ngakhale mwana wa Sitandade 3 akuuzani kuti amenewo ndi a John Chilembwe. Koma tadzifunsani: munthu amene anamwalira mu 1915, amene ngakhale agogo athu sanamuonepo, ife nkhope yake tinaidziwa bwanji? Ndiye kuti tsiku lina munthu wina anaimika kamera patsogolo pawo n'kuwajambula. Munthu ameneyo anali ndani?

Funso limeneli linandivuta teremu yatha pamene tinkaphunzira za kuukira kwa mu 1915. Ine ndinkangoganiza kuti anali mzungu, chifukwa m'mutu mwangamu kamera ya kalekale ndi mzungu zinkayendera limodzi. Nditafunsa aphunzitsi athu a History anaseka, n'kunditchulira dzina limene ndinali ndisanalimvepo chibadwire. Zithunzi zingapo zodziwika bwino za a Chilembwe ndi banja lawo anajambula ndi Mmalawi mnzathu, a Mungo Murray Chisuse a ku Blantyre. Akatswiri a mbiri amati iwowa ndiwo munthu wakuda woyamba m'dziko muno kudziwika ndi ntchito yojambula zithunzi. Zimene ndapeza za moyo wawo ndi zimene ndakulemberanizi.

A Chisuse anakulira pa mishoni ya Blantyre, imene anthu a mpingo wa Church of Scotland anaiyambitsa mu 1876. Dzina loti Blantyre analitenga ku tauni ya ku Scotland kumene David Livingstone anabadwira. Nthawi imeneyo dziko linali pa chipwirikiti. Malonda a akapolo anali akadalipo, nkhondo za m'midzi zinali zosatha, ndipo ana ambiri ankapezeka pa mishoni pofuna chitetezo ndi sukulu. Mayina awiri oyambawo, Mungo Murray, ndi a ku Scotland. Ana ambiri a pa mishoni ankalandira mayina otere pobatizidwa, koma dzina la kwawo loti Chisuse silinatayike ayi.

Mu 1881 pa mishonipo panafika m'busa wina dzina lake David Clement Scott. Ameneyu anali wosiyana ndi azungu ambiri a nthawi yake. Ankakhulupirira kuti mpingo wa mu Africa uyenera kutsogoleredwa ndi anthu a mu Africa momwemo, ndipo chilankhulo chathu ankachilemekeza kwambiri moti analemba dikishonale yaikulu ya Chimang'anja imene inatuluka mu 1892. Tchalitchi cha St Michael and All Angels, chimene ena mwa inu munachionapo mutapita ku Blantyre, chinamangidwa motsogozedwa ndi iyeyu kuyambira 1888 mpaka 1891, ndipo amene anaumba njerwa ndi kuzimanga anali anthu akuda. Pakati pa anyamata amene Scott anawaona kuti ali ndi mutu panali Chisuse.

Mu 1885 Scott popita kwawo kukapuma anatenga mnyamatayu kupita naye ku Scotland. Apa ndimafuna mumvetse kukula kwa ulendowu. Ife timadandaula tikakwera lole ya fodya kuchokera kuno kumapiri kupita ku Mponela, fumbi lili m'maso. Nthawi imeneyo kunalibe msewu wa galimoto, ndipo njanji inafika ku Blantyre mu 1908. Wapaulendo ankatsika phiri wapansi kuchokera ku Blantyre mpaka kumtsinje wa Shire cha ku Chikwawa, n'kukwera bwato kapena kasitima ka pamadzi kutsetsereka Shire mpaka kulowa mu Zambezi, udzudzu ukumudya usiku wonse. Akafika kunyanja ya mchere cha ku Quelimane m'pamene ankakwera sitima yaikulu, n'kukhala pamadzi milungu ingapo. Chaka chimenecho dziko lathu linali lisanakhale n'komwe m'manja mwa boma la Britain, chifukwa zimenezo zinachitika mu 1891. Kuno ku Dowa amishoni anali asanafike: mishoni ya Mvera inayamba mu 1889, ya Kongwe mu 1894. Pamene makolo athu a kuno anali asanaonepo bolodi ndi choko, mnyamata wa ku Blantyre anali atakhala kale m'kalasi pa sukulu ya Stewart's College mumzinda wa Edinburgh, akuphunzira limodzi ndi ana a azungu, m'dziko lozizira kuposa June wa ku Ntchisi.

Atabwerako analowa ntchito m'nyumba yosindikizira mabuku ya pa mishoni, ndipo m'kupita kwa nthawi anakhala mkulu wa osindikiza. Musaganize za makina a fotokope a pa tauni paja. Kusindikiza kwa nthawi imeneyo kunali kotola zilembo zachitsulo chimodzichimodzi m'timabokosi, n'kumazindanda pa kachitsulo mpaka mzere ukwane, mizere mpaka tsamba likwane. Zilembozo zimakhala zotembenuka, ndiye wosindikiza amayenera kuwerenga chobwerera m'mbuyo. Akalakwitsa chilembo chimodzi, cholakwacho chimatuluka pa mapepala onse. Akatha kusindikiza amamasula zilembo zonse n'kuzibwezera chilichonse m'kabokosi kake. Ntchito imeneyi imafuna maso akuthwa ndi mtima wodekha. M'nyumba imeneyi ndimo munkasindikizidwa magazini ya mishoni yotchedwa Life and Work, imene inayamba mu 1888, komanso mabuku a sukulu ndi a mpingo. Tinganene kuti ana ambiri oyamba kudziwa kuwerenga kumwera kuja anawerenga masamba amene anadutsa m'manja mwa a Chisuse.

Mu 1894 Scott anadzoza anthu akuda 7 kukhala madikoni, pofuna kuti adzakhale atsogoleri a mpingo. A Chisuse anali m'gululo. Munalinso a Harry Kambwiri Matecheta, amene mu 1911 anadzakhala mmodzi mwa abusa awiri oyamba akuda a mishoni ya Blantyre, ndiponso a John Gray Kufa, amene ankagwira ntchito ya chipatala. Dzina la a Kufa mulisunge, tikumana nalonso kutsogoloku.

Mu 1897 a Chisuse anawolokanso nyanja kachiwiri kubwerera ku Edinburgh, ulendo uno kukazamitsa luso losindikiza pa kampani yaikulu ya mabuku ya Nelson. Chimene chinandichititsa chidwi n'chakuti chaka chomwecho mnyamata wina wa ku Chiradzulu, John Chilembwe, nayenso anakwera sitima kupita ku America ndi Joseph Booth, kumene anakaphunzira za ubusa ku Lynchburg m'chigawo cha Virginia. Anthu awiri ochokera dera limodzi anachoka chaka chimodzi, wina kulowera uku wina uku. Wina anabwerako mu 1900 ali m'busa n'kuyambitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu. Winayo, atabwerako ku Scotland, anayamba kudziwika mu Blantyre ngati munthu wa kamera, ndipo anthu ankapita kwa iye kukajambulitsa.

Kujambula kwa nthawi imeneyo sikunali kodina foni ayi. Kamera inali bokosi lathabwa loima pa miyendo itatu. Wojambula ankafunda nsalu yakuda kumutu kuti aone bwino chithunzi pa galasi la kumbuyo kwa kamera, ndipo pa galasipo munthu ankaoneka chadodolido, mutu pansi miyendo m'mwamba. Akakhutira kuti zonse zikuoneka bwino, ankalowetsa galasi lina lopakidwa mankhwala osafuna kuwala, n'kutsegula diso la kamera kanthawi kochepa. Wojambulidwa ankayenera kukhala duu, osagwedezeka, n'chifukwa chake anthu a m'zithunzi zakale amaoneka ngati akwiya. Sikukwiya ayi, n'kuopa kuwononga galasi lodula. Kenako wojambula ankalowa m'chipinda cha mdima ndi kanyali kofiira, n'kuviika galasilo m'mankhwala otulutsa chithunzi, kenaka m'mankhwala ena oletsa kuti chisafufutike, n'kulitsuka ndi madzi ambiri. Pa galasilo zoyera zinkaoneka zakuda, zakuda zinkaoneka zoyera. Ankaligoneka pa pepala lapadera n'kuliika pa kuwala kuti chithunzi chenicheni chituluke. Mawu amene timanena mpaka lero oti kutsuka zithunzi anachokera pamenepa.

Magalasi, mankhwala ndi mapepala zonse zinkachokera kunja pa sitima, kudzera njira ya Zambezi ndi Shire ija. Wojambula akaitanidwa kutali ankanyamula bokosi, miyendo yake ndi magalasi osachedwa kusweka m'njira za miyala, ndipo galasi limodzi linali chithunzi chimodzi basi. Panalibe zoti tajambulanso, maso anatsinzina. Ine ndikaganiza ndimaona kuti ntchito yosindikiza ija inawakonzekeretsa bwino a Chisuse. Munthu wozolowera kuwerenga zilembo zotembenuka, kusamala inki ndi pepala, sangavutike kwambiri ndi chithunzi chadodolido ndi mankhwala oyeza mosamala.

Tsono mwina wina afunsa kuti chodabwitsa n'chiyani pamenepa, popeza zithunzi zinkajambulidwa kale m'dziko muno. N'zoona. John Kirk, dokotala amene anayenda ndi Livingstone pa ulendo wa Zambezi umene unayamba mu 1858, anali ndi kamera ndipo anajambula madera a Zambezi ndi Shire. Amishoni, asilikali ndi eni maesiteti nawonso ankajambula. Koma taonani zithunzi zambiri za atsamunda zimene zili m'mabuku. Mzungu wakhala pampando, dzina lake lalembedwa pansi. Anthu akuda aima kumbuyo, ena anyamula katundu, ena anyamula machila, ndipo pansi pangolembedwa mtundu wawo kapena ntchito yawo. Palibe amene anawafunsa ngati akufuna kujambulidwa, kapena kuti akufuna kuoneka motani. Anajambulidwa monga mmene munthu amajambulira mtengo wa mlambe kapena mvuu.

Kwa a Chisuse zinthu zinali zina. Munthu ankabwera yekha mwa kufuna kwake, atasamba, atavala zovala zimene wasankha yekha, n'kuima mmene akufunira kuti ana ake adzamukumbukire. Taonani chithunzi cha banja la a Chilembwe chimene chimapezeka m'mabuku ambiri a mbiri. Abusa avala suti, mayi Ida avala diresi lalitali, mwana wawo ali pomwepo, onse akuyang'ana kamera mosaopa. Nthawi imeneyo azungu ambiri ankamutcha bambo wamkulu wandevu zake kuti boyi. Chithunzi chimenechi chikutsutsa zimenezo popanda kutulutsa liwu. A Chilembwe ankadziwa bwino ntchito ya zithunzi. Mishoni yawo inkathandizidwa ndi akhristu akuda a ku America a National Baptist Convention, ndipo zithunzi zinali njira yoonetsera anthu a kutaliwo kuti sukulu ilipodi, mpingo ukukuladi, tchalitchi chanjerwa chikumangidwadi.

Zimene zinachitika pambuyo pake tinaziphunzira m'kalasi, ndiye sinditalikitsa. Thangata pa maesiteti a A. L. Bruce ku Magomero, msonkho wa nyumba, kutenthedwa kwa matchalitchi audzu a mpingo wa a Chilembwe, ndi kutengedwa kwa anthu akuda kupita ku nkhondo ya azungu imene inayamba mu 1914, zonsezi zinafika posapiririka. Usiku wa pa 23 January 1915 anthu a Chilembwe anaukira, ndipo William Jervis Livingstone, kapitawo wamkulu wa ku Magomero, anaphedwa. Pa 3 February a Chilembwe anawomberedwa akuthawira cha ku malire a Mozambique, n'kuikidwa m'manda opanda chizindikiro. Tchalitchi chawo chachikulu cha ku Mbombwe asilikali anachiphulitsa. Anthu ambiri anaphedwa ndi boma, ndipo mmodzi mwa iwo anali a John Gray Kufa, mnzawo wa a Chisuse amene anadzozedwa nawo limodzi mu 1894. Taganizirani mmene zinalili kwa munthu amene anali atajambula mtsogoleri wa oukirawo, komanso mnzake wa mumpingo waphedwa, pa nthawi imene boma linkakayikira munthu wakuda aliyense wophunzira.

Boma la atsamunda linkafuna kuti dzina la Chilembwe lifafanizike. Linabisa manda, linagwetsa tchalitchi, linatseka mishoni kwa zaka zingapo. Koma zithunzi zinapulumuka. Mu 1958, chaka chimene a Kamuzu Banda anabwerera kumudzi, George Shepperson ndi Thomas Price anatulutsa buku la mbiri ya a Chilembwe lotchedwa Independent African, ndipo anthu anaonamo nkhope ya munthu amene ankangomumva m'nkhani. Mu 1965, dziko litangolandira ufulu, boma la Malawi linatulutsa masitampa okumbukira kuti patha zaka 50 chichitikire kuukirako. Kuyambira 1997 nkhope ya a Chilembwe yakhala ili pa ndalama zathu, ndipo pa 15 January chaka chilichonse sitibwera kusukulu. Mu 2022 Mmalawi wina waluso, Samson Kambalu, anaimika chosema chachikulu cha a Chilembwe pa bwalo la Trafalgar Square ku London. Anachitengera pa chithunzi china cha mu 1914, pamene a Chilembwe aima ndi mzungu wa mishoni John Chorley chipewa chili kumutu, nthawi imene munthu wakuda ankayenera kuvula chipewa akakumana ndi mzungu. Zonsezi zinatheka chifukwa panatsala zithunzi.

Nanga a Chisuse? Iwo anamwalira kalekale, ndipo dzina lawo silili pa ndalama, silili pa sitampa, m'mabuku athu a m'kalasi ine sindinalipezemo. Mpaka mu 2008 m'pamene katswiri wa mbiri ya Malawi, John McCracken, analemba nkhani yapadera ya iwowa m'magazini ya Society of Malawi. Umu ndi mmene ntchito ya wojambula imakhalira. Onse amaoneka pa chithunzi kupatula iye.

Tsopano ndikuuzeni chifukwa chenicheni chimene nkhaniyi yandikhudzira. Agogo anga aakazi, amene anandilera kumudzi kwathu m'mphepete mwa phiri la Ntchisi, anatisiya chaka chatha. Achimwene anga anali atawajambula zithunzi zambirimbiri pa foni: akusinja, akukolola soya, akuvina pa chinkhoswe cha achemwali athu. Tinkangoti zilipo, tidzatsukitsa tikagulitsa fodya. Chakudza sichiimba ng'oma. Patangotha miyezi iwiri chiikireni maliro, foni ija inabedwa pa tsiku la msika, memole khadi ili momwemo. Zonse zinapita. Mlongo wanga wamng'ono, amene ali ndi zaka 4, akadzakula sakanadziwa n'komwe kuti agogo ankaoneka bwanji.

Chimene chinatipulumutsa ndi kachithunzi kamodzi kamene amayi anakapeza m'Baibulo la agogo, pakati pa masamba. Agogo ali mtsikana, avala chilundu chatsopano ndi duku, aima pafupi ndi agogo aamuna amene anali atangobwera kumene kuchokera ku Joni kumene anapita pa Wenela. Agogo aamunawo avala jekete, ndipo agwira wailesi kuti nayonso ioneke. Amayi akuti anawajambula ndi munthu wina amene ankayenda pa njinga m'midzi ndi kamera yake, n'kudzabweretsa zithunzi patatha milungu ingapo. Ndinatembenuza kuseri kuti ndione dzina la wojambulayo kapena chaka. Panalibe chilichonse. Munthu amene anatisungira nkhope ya agogo athu sitimudziwa, ndipo sitingathe n'kumuthokoza komwe. Nditamva za a Chisuse ndinakumbukira munthu wa pa njinga uja, chifukwa ntchito yawo ndi imodzi.

Ndiye anzanga, pempho langa ndi ili. Holide ikubwerayi, amene muli ndi agogo amoyo ajambuleni, ndipo musasiyire mu foni. Dulani ndalama ya mandasi ya masiku angapo, mukatsukitse ngakhale chimodzi chokha ku Mponela, ku Dowa boma kapena ku Ntchisi boma. Kuseri kwake mulembe ndi pensulo, chifukwa bolopeni imadinda mpaka kutsogolo: mayina onse a anthu ali pa chithunzipo, mudzi, mfumu yaikulu, chaka, ndi dzina la amene wajambula. Muchiike m'pepala la pulasitiki, kutali ndi chiswe ndi denga lodontha. Zithunzi zakale zimene zili m'masutikesi a makolo anu, funsani akuluakulu akuuzeni mayina akadali moyo, chifukwa akapita iwo, pa chithunzipo patsala anthu osadziwika ngati aja a m'zithunzi za atsamunda.

Ndipo tsiku limene wojambula adzabwere kudzatijambula zithunzi za ziphaso za mayeso, tikuimirira pamzere kuseri kwa kalasi ndi nsalu yake yopachika pakhoma ija, tisamangomuseka kuti kamera yake ndi yachikale. Mufunseni dzina. Ena mwa ife tikhoza kudzadya ndi ntchito yomweyi, chifukwa si tonse tidzapite ku yunivesite, ndipo m'maukwati, m'mipingo ndi m'manyuzipepala wojambula wodziwa ntchito yake amafunika. Amene ali ndi zithunzi zakale za kuno kwathu, kaya za ku Kongwe, ku Mvera kapena za makolo a ku Joni, abwere nazo ku kalabu ya History Lachitatu masana. Tidzaziona, tidzalemba mayina, n'kukubwezerani tsiku lomwelo.

Ija K500 mwabwereka ija mubweze kwa mwini wake.

Ndine mnzanu wa mu Fomu 3.